Mukagawa netiweki, musaiwale njira yopita ku DHCP

Mwezi watha ndinaitanidwa pa loji ina ku Area 47. Mnyamata wawo wa makompyuta anali atagula switch (kabokosi kolumikizira zipangizo pa netiweki) yabwino ya mapoti 24, n'kugawa netiweki patatu: ya ku ofesi, ya makamera ndi Wi-Fi ya alendo. Alendo ankangodandaula kuti foni zikulumikizika koma intaneti palibe. Nditalumikiza laputopu yanga ku mbali ya alendo, adilesi imene inabwera inayamba ndi 169.254. Mukaona manambala amenewa musathamangire kusintha mawaya. Kompyutayo yapempha adilesi kwa DHCP, imene imagawa maadilesi pa netiweki, yasowa woiyankha, ndiye yangodzipatsa yokha.

Switch ikamatuluka m'katoni, mapoti onse amakhala mu VLAN 1, ngati mbuzi, nkhuku ndi nkhumba zogona khola limodzi. Foni ya mlendo imatha kufika pa kompyuta ya akauntanti popanda choletsa. VLAN ndiyo zipupa zimene mumamanga m'kholamo, zogawa netiweki imodzi kukhala magawo osiyana. Musanakhudze switch, lembani kaye papepala: VLAN 10 ya ofesi pa 192.168.10.0/24, VLAN 20 ya makamera pa 192.168.20.0/24, VLAN 30 ya alendo pa 192.168.30.0/24. Manambala a VLAN amayambira pa 1 kufika pa 4094, koma ine ndimakonda kuti nambalayo ifanane ndi gawo lachitatu la adilesi. Tsiku lina mukadzaona 192.168.20.15 mudzadziwiratu kuti ndi kamera.

Poti yolumikizapo kompyuta kapena printa ikhale access, ya VLAN imodzi basi. Waya wopita ku rauta kapena ku switch ina ukhale trunk, wonyamula VLAN zingapo pamodzi. Pa trunk uthenga umaikidwa chizindikiro cha 802.1Q chosonyeza VLAN yake, monga mmene timalembera mayina pa matumba a chimanga kuchigayo kuti ufa usasokonekere. Pa switch zing'onozing'ono zambiri, kuika poti ngati untagged (yotulutsa uthenga wopanda chizindikiro) sikokwanira. Musinthenso PVID yake, nambala ya VLAN imene uthenga wolowa pa potiyo umaikidwamo, apo ayi uthenga wochokera ku kompyutayo uzingolowabe mu VLAN 1.

Tsono nayi nkhani imene inavuta ku loji kuja. Foni yongofika kumene ilibe adilesi, ndipo sidziwa kumene kuli DHCP, choncho imangokuwa kuti aliyense amve, ngati munthu wonena "odi" pa chipata. Kukuwa kumeneku sikudutsa chipupa cha VLAN, ndipo n'chifukwa chake munamanga chipupacho. Seva yawo ya DHCP inali mu VLAN 10, pamene alendo ankakuwira mu VLAN 30.

Njira zilipo ziwiri. Pa ofesi yaing'ono, lolani rauta, kaya ndi MikroTik kapena ina, ikhale ndi khomo (interface) mu VLAN iliyonse, ndipo khomo lililonse likhale ndi nkhokwe yakeyake ya maadilesi. Ngati mukufuna seva imodzi igawire onse, ikani mtumiki wotchedwa DHCP relay pa rauta kapena pa switch ya Layer 3, imene imathanso kugwira ntchito ya rauta. Pa Cisco mumalemba ip helper-address ndi adilesi ya seva pa khomo la VLAN imeneyo. Pa sevayo pakhalenso nkhokwe ya VLAN iliyonse, chifukwa mtumiki angafike koma n'kupeza palibe chomupatsa.

Adilesi ya DHCP ndi yobwereka, ngati dimba la lendi. Mu /24 muli maadilesi 254 okha, ndipo pa malo amene amachitikira misonkhano maadilesiwa angathe tsiku limodzi. Alendo muziwabwereka kwa maola ochepa kuti akachoka adilesi ibwerere msanga. Printa ndi makamera muzipatse maadilesi osasintha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi karauta kogulidwa ku Old Town, kamene wantchito wina wakabisa pansi pa desiki kuti Wi-Fi imufike bwino. Kameneko nako kamayamba kugawa maadilesi akeake, ndipo theka la ofesi limasowa intaneti. Yatsani DHCP snooping, imene imatsekereza zipangizo zosaloledwa kugawa maadilesi, n'kuuza switch kuti ikhulupirire poti yokhayo yochokera ku seva yeniyeni.

Dziwaninso kuti rauta ikakhala ndi khomo mu VLAN zonse imazilumikiza. Popanda lamulo la firewall (mlonda wa pa netiweki) loletsa VLAN 30 kufika ku VLAN 10, mlendo alowabe ku ofesi kudzera pa rautapo. Yesani ping, lamulo loona ngati kompyuta ina ikuyankha, kuchokera ku mbali ya alendo kupita ku kompyuta ya ku ofesi. Ikayankha, ntchito sinathe.

Mukamaliza sungani zimene mwakonza. Pa Cisco lembani copy running-config startup-config, pa zina pali batani la Save. Kuno magetsi amazima osatsanzika, ndipo zimene simunasunge zimapita nawo. Musanachoke, zimitsani switch dala, iyatseninso, kenako yendani ndi laputopu poti ndi poti muone ngati iliyonse ikupereka adilesi ya VLAN yake.