Alandilodi akakuthamangitsani, musanyamule katundu msanga

Abale anga ochita renti ku Kanyama, Matero, Chawama mu Lusaka, mvetserani. Lamulo la renti la Zambia, Rent Act, Chapter 206, likuti alandilodi sangakutulutseni m'nyumba popanda chilolezo cha khoti, ngakhale muli ndi ngongole ya renti, ndipo kukutengerani TV kapena sofa nakonso kumafuna khoti. Zochotsa chitseko kapena malata zija zimandiwawa kwambiri, ana kugona pamphepo chifukwa cha renti ya mwezi umodzi!

Ndiye polowa lembani pangano papepala, renti zingati, dipoziti zingati, notisi ya masiku angati, nonse musaine. Mukalipira tengani risiti, ngati mwatumiza pa Airtel Money musafufute mesejiyo. Jambulani zithunzi za nyumba tsiku lolowa. Zikavuta ndipo ndalama ya loya mulibe, pitani ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, mutanyamula mapepala onsewo.