Kulembetsa ndi kupempha pepala lovotera la ku America muli kunja

Izi ndi za nzika za America zokhala kunja, komanso asilikali ndi mabanja awo, amene akufunsa momwe angavotere ali kutali.

Musanayambe, khalani ndi adiresi yomaliza imene munakhalapo ku America, manambala 4 omaliza a Social Security kapena nambala ya laisensi yoyendetsera galimoto, imelo, ndi pulinta.

1. Lowani pa FVAP.gov, webusaiti ya boma la America yothandiza ovota ali kunja, sankhani state yanu, dzazani fomu ya FPCA. Fomu imodziyi imakulembetsani ndi kukupempherani pepala lovotera.

2. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pa adiresi yovotera lembani ya ku America ija, ngakhale nyumbayo munaigulitsa kalekale. Ya kumene mukukhala pano ili ndi malo akeake. Mukazisakaniza, fomu ingakanidwe.

3. Sankhani kulandira pepala lovotera pa imelo, positi imachedwa.

4. Sindikizani fomuyo, sainani. Musaiwale kusaina.

5. Tumizani fomuyo ku ofesi ya zisankho ya kwanu ku America. Ma state ena amalandira pa imelo, ena amafuna positi, choncho werengani lamulo la kwanu. Chitani izi Januwale aliyense, komanso mukasamuka.

6. Lamulo la 2009 limati pepala lovotera litumizidwe kwa inu masiku osachepera 45 chisankho cha dziko chisanachitike. Likachedwa, votani ndi fomu ya FWAB, imene imalowa m'malo mwa pepala lovotera.

Ngati muli ku Malawi, funsani ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe za kusiya kumeneko envelopu ya fomu kapena voti yanu kuti itumizidwe ku America, ndipo pitani msanga.