Zimene mungacite ngati CD74HC4067 isokoneza mabatani pa Arduino Uno

CD74HC4067 ndi multiplexer, kutanthauza kacipangizo kolola mabatani ambili kuseŵenzetsa pini imodzi ya Arduino. Imalandila mabatani okwana 16, kuyambila pa C0 mpaka C15, koma Arduino imawaŵelenga limodzi-limodzi kupitila pa pini ya SIG. Mapini S0, S1, S2 ndi S3 ndiwo amasankha batani loti liŵelengedwe. Musanagwile waya uliwonse, yambani mwacotsa nthambo ya USB.

Yambilani pa pini ya EN, imene imayatsa kapena kuzimitsa multiplexer. Iyenela kulumikizidwa ku GND (0V), cifukwa ikakhala pa 5V multiplexer imadula mabatani onse ndipo Arduino siiwaona. Onaninso kuti GND ya multiplexer ndi GND ya Arduino zili pa waya umodzi.

Vuto limene limavutitsa anthu ambili ndi lakuti ciŵelengo cimadumphadumpha pakati pa HIGH (5V) ndi LOW (0V) pamene palibe amene wadina batani. Musafulumile kugula multiplexer ina, cifukwa nthawi zambili imakhala ilibe vuto. Batani likakhala losadinidwa, pini ya SIG imatsala yosamangika ku 5V kapena ku GND, ndiye imangotola magetsi osocela, ngakhale ocokela ku dzanja lanu mukaliyandikitsa. Mu pulogilamu, ikani pini imene yalumikizidwa ku SIG pa INPUT_PULLUP, ndipo mwendo wina wa batani lililonse upite ku GND. Izi zimayatsa resistor ya mkati mwa Arduino, ya pakati pa 20 kΩ ndi 50 kΩ. Mukatelo, kumbukilani kuti batani lodinidwa lidzaonetsa LOW, losadinidwa HIGH. Ngati mawaya ndi aatali, resistor ya mkatiyo imacepa mphamvu. Ndi bwino kuika ya 10 kΩ pakati pa 5V ndi C iliyonse imene museŵenzetsa. Ikaninso capacitor ya 0.1 µF pakati pa VCC (pini yolandila magetsi) ndi GND, pafupi kwambili ndi multiplexer.

Nthawi zina batani limodzi limaonekela pa manambala aŵili otsatizana. Apa pulogilamu iŵelenga mofulumila kwambili, magetsi a batani loyamba asanacoke pa SIG. Mukasintha S0 mpaka S3, lembani delayMicroseconds(20) musanalembe digitalRead.

Mukadina C1 koma n'kuonekela C8, mawaya a S0 ndi S3 asinthana malo. S0 imaimila 1, S1 imaimila 2, S2 imaimila 4, S3 imaimila 8. Mwacitsanzo C5 imasankhidwa pamene S0 ndi S2 zokha zili HIGH.

Amene museŵenzetsa ESP32 m'malo mwa Arduino Uno, samalani kwambili: mapini ake ndi a 3.3V, conco VCC ya multiplexer ikhalenso pa 3.3V. Mapini GPIO34 mpaka GPIO39 alibe resistor ya mkati, INPUT_PULLUP siigwila nchito pamenepo.

Vuto likapitiliza, cotsani mabatani onse, tsegulani Serial Monitor (windo la pa kompyuta loonetsa zimene Arduino iŵelenga), ndipo khudzitsani waya wocokela ku GND pa C0, kenako C1, mpaka C15. Nambala imodzi yokha iyenela kutsika ku LOW nthawi iliyonse. Zikayenda bwino, vuto lili mu mabatani kapena mawaya ake.