Jekete la Buku la Ana: Kuliteteza ndi Kulikonza Popanda Kuliwononga

Buku loyamba limene ndinaliwononga ndi manja anga linali la zithunzi, la chikuto cholimba. Pamwamba pa chikutocho panali pepala lija lokongola limene limavekedwa pa buku n'kupindikira mkati uku ndi uku. Ogulitsa mabuku akale amalitcha dust jacket, koma ine ndimangoti jekete. Linang'ambika kumutu kwa msana, pang'ono chabe, kutalika kwake ngati chikhadabo. Ndinatenga selotepu n'kumata, mtima uli m'malo. Patapita zaka, selotepuyo inauma n'kugwa yokha, koma guluu wake anali atalowerera m'pepala n'kusiya banga lofiirira looneka kuno ndi kuseri. Pong'ambikapo pakanatheka kukonzedwa. Bangalo lilipobe mpaka lero, ndipo ndikaliona limandiwawa.

Kuyambira pamenepo ndimatsatira lamulo limodzi: chilichonse chimene ndikuika pa jekete chikhale choti wina angadzachichotse osasiya chipsera.

Mwina mukufunsa kuti pepala wamba likuvutiranji chonchi. Majekete a mabuku a ana ndi amene amasowa kwambiri, chifukwa timanja ta ana timayamba kugwira pomwepo, ndipo makolo ambiri ankangolivula n'kulitaya likang'ambika. Komanso nthawi zina jekete ndi limene limaulula kuti buku linasindikizidwa liti. Buku la Maurice Sendak lotchedwa Where the Wild Things Are linatuluka mu 1963, ndipo mendulo ya Caldecott, mphoto ya ku America ya mabuku a ana a zithunzi, linalandira mu 1964. Choncho jekete loyambirira silitchula menduloyo, pamene majekete obwera pambuyo amainyadira. Osonkhanitsa mabuku amayang'ana zimenezi, amayang'ananso mtengo wosindikizidwa pakona ya phiko lopindikira mkati lija. Musadule konayo ngakhale bukulo mukulipereka ngati mphatso, chifukwa mukaidula mwachotsa umboni.

Ntchito yoyamba, imene nthawi zambiri imakhala yokwanira payokha, ndi kuliveka jekete chovala choonekera mkati. Funani cha poliyesitala, pulasitiki imene ambiri amaidziwa ndi mayina a Mylar kapena Melinex. Imeneyi siichita chikasu msanga ndipo siikakamira ku inki. Pulasitiki yofewa ya PVC ipeweni, chifukwa mankhwala amene amaifewetsa amatuluka pang'onopang'ono n'kuyamba kunyamula inki ya pa pepala. Zovala zina zimabwera ndi pepala loyera kumbuyo, ndipo ndi zimene ndimakonda pa jekete lofooka, chifukwa limagona pakati ngati m'thumba. Onetsetsani kuti pepalalo ndi lopanda asidi.

Sambani m'manja, muumitse bwino. Vulani jekete, muligoneke chafufumimba pa poliyesitala, patebulo loyera. Mphepete ya m'munsi ilowe mu mpindiro umene ulipo kale, kenako pindani mbali ya kumtunda kuti ifike pa mphepete ya jekete, koma osaipanikiza. Siyani kampata kakang'ono ngati milimita imodzi. Mukathinitsa, mphepete zimapindika n'kuyamba kuthetheka, ndipo mukasiya mpata waukulu jekete limaseweramo n'kukwechesuka. Mpindirowo usalazeni ndi kafupa kosalala kopindira mapepala, kapena ndi kumbuyo kwa chikhadabo, koma musakande pamene pali jekete lenilenilo. Pomaliza bwezerani buku pamsana n'kupinda mapiko motsatira mipindiro yakale. Musapange mipindiro yatsopano, ndipo pasakhale selotepu kapena guluu wokhudza jekete kapena buku.

Chodabwitsa n'chakuti jekete long'ambika likalowa m'chovala chotere, mbali zong'ambikazo zimagona zokha mogundana, moti nthawi zambiri sipafunikanso kumata.

Fumbi lichotseni musanaveke. Ndimagwiritsa ntchito burashi yofewa, kusesa kuchokera pakati kupita kumphepete kuti ndisakole pong'ambika. Litsiro la kuseri, kumene kulibe zosindikiza, limachoka ndi labala yoyera yofewa, mopepuka, mbali imodzi yokha. Pa zithunzi musayerekeze, chifukwa labala imachotsa utoto ndi kunyezimira komwe. Madzi nawo ayi. Majekete ambiri ndi a pepala lopakidwa dongo loyera kuti lisalale, ndipo dongolo likanyowa limafewa, limachita mabanga, kapena kukakamira ku chilichonse chimene lagundana nacho. Dzina limene mwana analemba ndi kulayoni lisiyeni. Ndi mbali ya moyo wa bukulo, ndipo pofuna kulifufuta mumawononga kuposa mmene linalili.

Tsopano ngati pong'ambika pakukulirakulira, kapena phiko latsala pang'ono kuthothoka, mpamene kumata kumafunika. Akatswiri osamalira mapepala amagwiritsa ntchito zinthu ziwiri: pepala lopyapyala la ku Japan lopangidwa ndi ulusi wa makungwa a mtengo wa kozo, ndi guluu wophika wa sitachi ya tirigu. Pepalali ndi lopepuka koma ulusi wake ndi wautali, choncho limagwira mwamphamvu. Guluuyo ubwino wake ndi wakuti ngakhale patapita zaka zambiri amafewanso ndi kachinyezi pang'ono, chigamba n'kuchoka.

Pophika, ndimasakaniza muyezo umodzi wa sitachi ndi miyezo inayi kapena isanu ya madzi oyera, n'kumatakasa pamoto wochepa mpaka kuyera kuja kutatha, guluu n'kuyamba kuonekera mkati. Akazizira amalimba, ndiye ndimamukanikiza pa sefa, kenako n'kumusungunula ndi madzi pang'onopang'ono mpaka atapepuka. Phikani wochepa, chifukwa pakapita masiku angapo amachita chuku. Amene safuna kuphika angagwiritse ntchito guluu waufa wotchedwa methyl cellulose, amene amangosungunulidwa m'madzi ozizira, ngakhale kuti sagwira mwamphamvu ngati sitachi.

Chigamba musachidule ndi sizasi. Jambulani mzere ndi burashi yonyowa pa pepala la kozo, kenako kokani kuti ling'ambike motsatira mzerewo. Mphepete zake zimatsala ndi tiubweya, ndipo tiubweyato timagona bwino osasiya mzere wolimba umene ungadzathyole jekete. Chigambacho chikhale chopapatiza, chongopitirira pong'ambika ndi mamilimita awiri kapena atatu mbali iliyonse.

Pano mpamene ambiri amathamanga, ndipo mpamene ndimachedwa dala. Pepala likang'ambika nthawi zambiri siliduka chindunji, limasendeka, mbali ina kukhala pamwamba, ina pansi. Yang'anani kumaso kwa jekete kaye, mulumikize mpaka chithunzi ndi zilembo zikumane ndendende. Mukasemphanitsa milomo iwiriyo, padzaoneka mzere woyera pakati pa chithunzi. Zikagwirizana, tembenuzani. Kumata kumachitika kuseri kokha. Pakani guluu pa chigamba, osati pa jekete, ndipo chiikeni kaye pa pepala lomwa madzi kwa kamphindi kuti chinyezi chochuluka chichoke. Chigoneke pamalo pake, musalaze mofatsa, muike kansalu kopyapyala ka poliyesitala kosakakamira, pamwamba pake pepala lomwa madzi, kenako chinthu cholemera chosalala. Pakapita mphindi zochepa sinthani pepala lomwa madzilo, ndipo siyani ziume usiku wonse. Yambani kuyeserera pa jekete la buku wamba, kangapo, dzanja lizolowere.

Pali ntchito zina zimene sindizikhudza. Selotepu yakale imene idakali yomata sindiikoka, chifukwa imanyamuka ndi khungu la pepala. Malo amene utoto unasupuka sindiwadetsa ndi cholembera. Kukutira jekete ndi pulasitiki yomatidwa ndi makina otentha ndiye ayi ndithu, chifukwa kumeneko kulibe pobwerera. Buku likakhala losowa kapena la mtengo wapatali, lipite kwa katswiri wosamalira mapepala. Ndipo mukadzaligulitsa, nenani poyera kuti jekete linakonzedwa, komanso pamene linakonzedwa.

Pa shelefu, mdani wamkulu ndi dzuwa. Limasulutsa msana, makamaka utoto wofiira ndi wachikasu, ndipo poliyesitala wamba saletsa zimenezi. Chinyezi chambiri chimabweretsa chuku ndi tizilombo todya mapepala, choncho sankhani malo ouma, ozizirirako, kutali ndi khoma lonyowa. Mabuku ayime mowongoka, ofanana msinkhu moyandikana, osathithikana. Mabuku aakulu a zithunzi ndimawagoneka, atatu kapena anayi basi pa mulu umodzi. Potulutsa buku musakoke ndi chala kumutu kwa msana, pamene majekete ambiri amayambira kung'ambika. Kankhirani mkati mabuku a m'mbali mwake, mugwire pakati pa msana.

Nanga mwana akalifuna? Ine ndimamupatsa, chifukwa bukulo analilembera iyeyo. Ndimangovula jekete kaye, ndi chovala chake chomwe, n'kuligoneka m'kabati, mapiko ali opindika monga mwa masiku onse, popanda cholemera pamwamba. Tikamaliza kuwerenga, iye akagona, ndimapukuta chikuto cholimba ndi kansalu kouma, n'kuliveka bukulo jekete lake.