Jakisoni woyambitsa nyere pa ng'ombe za mkaka: yezetsani bere musanabaye

Alimi anzanga a ng'ombe za mkaka, pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'mawa tikakumana kokapereka mkaka: ng'ombe yatha miyezi inayi chiberekereni koma siikuonetsa nyere. Pamenepo sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Kaibayitseni jakisoni uja, pasanathe sabata ifuna nkhunzi." Jakisoni ameneyo ndi wa prostaglandin. Pa botolo pamalembedwa cloprostenol kapena dinoprost, ndipo ena amamudziwa ndi maina a Estrumate ndi Lutalyse. Ndi mankhwala othandiza ndithu, koma mlimi akabayitsa osadziwa mmene amagwirira ntchito angathe kutaya mwana wa ng'ombe amene anali kale m'mimba.

Prostaglandin thupi limapanga lokha, la munthu ngakhale la chiweto. Dzinali anapereka ndi Ulf von Euler wa ku Sweden mu 1935, ataona kuti mu umuna muli chinthu chimene chimakoka minofu ya chiberekero ndi kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Minofu imeneyi ndi ija imagwira ntchito yokha osailamula, ya m'chiberekero, m'matumbo, m'njira za mpweya ndi m'mbali mwa mitsempha ya magazi. Mitundu ya prostaglandin ilipo yambiri. Ina imamasula mitsempha kuti magazi ayende bwino, ina imaifinya. Umene tikunena pano, wotchedwa F2-alpha, ndi wofinya.

Taonani zimene zimachitika m'kati mwa ng'ombe. Dzira likatuluka, pamalo pamene lachokapo pamamera kanthu kachikasu kotchedwa corpus luteum. Kameneka kamatulutsa progesterone, imene imakhazika chiberekero chete ndi kuletsa nyere, poyembekezera kuti mwina bere lakhala. Ngati silinakhale, cha pa tsiku la 16 kapena 17 kuchokera pa tsiku la nyere, chiberekero chimatulutsa prostaglandin wake. Mtsempha wochotsa magazi ku chiberekero ndi wina wopititsa magazi ku thumba la mazira ndi opiringizana, choncho prostaglandin amadutsira pompo n'kukafika pa kachikasu kaja. Timitsempha tokadyetsa timafinyika, iko kamafota, progesterone imatsika, ndipo ng'ombe imayambanso nyere. N'chifukwa chake nyere imabwera pakatha masiku 21, kapena pakati pa 18 ndi 24. Jakisoni wathu amangofulumizitsa ntchito yomweyi.

Apa ndiye pagona nkhani. Ngati kachikasu palibe, jakisoni alibe choti afafanize. Ng'ombe yowonda nthiti zili pamtunda, imene mu Okutobala ikungodya mapesi ouma, nthawi zambiri mazira ake amakhala atagona. Imeneyo ikufuna nsenjere, madeya, lukina, mchere wa ziweto ndi madzi okwanira. Mungaibaye kawiri katatu, ndalama zidzangolowa m'madzi. Komanso m'masiku 5 oyamba nyere itangotha, kachikasu kamakhala kanthete ndipo sikamva mankhwala. Ichi ndi chifukwa chake alangizi a ziweto amabaya kawiri, motalikirana masiku 11, kuti imene inaphonya ulendo woyamba igwidwe wachiwiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi bere losadziwika. Ng'ombe imene siikuonetsa nyere ingakhale yoti inatenga kale, mwina tsiku lina inathyola khola n'kukumana ndi nkhunzi ya pamudzi, mwina umuna umene munaika miyezi iwiri yapitayo unagwira. Bere la ng'ombe limadalira kachikasu kaja makamaka m'masiku 150 oyamba. Mukabaya nthawi imeneyi, kachikasu kafota, chiberekero chikokana, mwana atuluka. Mbuzi ndiye zimataya bere pa msinkhu uliwonse. Chonde, mlangizi kapena dokotala wa ziweto ayambe wapisa dzanja n'kutsimikiza kuti m'mimba mulibe kanthu. Iye yemweyo ndi amene angadziwenso ngati m'chiberekero mwadzaza mafinya kapena muli mwana wofa wouma, ndipo pamenepo kukoka kwa mankhwalawa kumathandiza kutulutsa zoipazo.

Muyezo wake pa ng'ombe nthawi zambiri ndi 2 ml ya cloprostenol kapena 5 ml ya dinoprost, yobaya mu mnofu, koma werengani botolo chifukwa mphamvu zimasiyana. Singano ikhale yatsopano ndipo pobaya pakhale pouma, popanda ndowe, poti dothi likalowa limayambitsa chotupa choopsa.

Mankhwalawa sasankha kuti uyu ndi munthu, iyi ndi ng'ombe, ndipo amalowa kudzera pakhungu. Mayi woyembekezera asagwire botolo, singano kapena nsalu yopukutira, chifukwa angapite padera. Ndikunena izi podziwa kuti m'makola ambiri ndi amayi amene amadyetsa ndi kukama. Wodwala mphumu nayenso atalikire, popeza njira za mpweya zimafinyika n'kuyamba kubanika. Wobaya avale magolovesi, ndipo akadontheza pakhungu asambe msanga ndi sopo ndi madzi ambiri. Botolo lotsala abwerere nalo mlangizi, lisagone m'nyumba momwe muli ana.

Mukabaya, nyere imaoneka pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu. Ng'ombe ya m'khola yokhala yokha ilibe inzake yoti iikwere, ndiye muyang'anitsitse m'mawa kwambiri ndi madzulo: kulira kosalekeza, kusakhazikika, mkaka kutsika, kumaliseche kutupa ndi kutuluka chikazi chonanda choyera ngati cha dzira laliwisi. Mukaona m'mawa, woika umuna abwere madzulo ake, ndipo mukaona madzulo abwere m'mawa mwake. Muuzeni tsiku lomwe mwabaya kuti akonzeke. Lembani m'kope tsiku lobaya ndi tsiku loika umuna, kenaka muyambenso kuyang'ana pa tsiku la 18 mpaka 24 chiikireni umuna ngati nyere yabwerera.