Momwe mungachitire kuti boiler ya gasi iunikidwe chaka chilichonse ku Britain

Ambirife tinakula tikuwotha moto wa nkhuni kapena mbaula, choncho tikafika ku Britain timaiwala kuti boiler yotenthetsa nyumba imafunika kuunikidwa ndi mmisiri kamodzi pachaka. Ngati mukuchita lendi, udindowu ndi wa mwini nyumba, ndipo lamulo limati akupatseni chikalata cha chitetezo cha gasi pasanathe masiku 28 mmisiri atayendera. Ngati nyumbayo ndi yanu, sakani mmisiri mu Ogasiti kapena Seputembala, chifukwa kukayamba kuzizira onse amatanganidwa. Ine ndimalipira pakati pa mapaundi 80 ndi 100.

Mmisiri akafika pakhomo, mupempheni khadi lake la Gas Safe Register, bungwe lovomereza amisiri a gasi limene linalowa m'malo mwa bungwe lakale la CORGI mu 2009. Musangoyang'ana chithunzi chake, koma mutembenuze khadilo, chifukwa kumbuyo kwake ndi kumene kwalembedwa zipangizo zimene munthuyo waloledwa kukonza, ndipo ena ndi ololedwa pa makuka ophikira okha. Apa ndi pamene ndinapunthwa ine. Chaka china ndinatenga munthu amene anatchulidwa pa gulu lathu la WhatsApp chifukwa ankalipiritsa mapaundi 40 okha, ndipo ndinachita manyazi kumufunsa khadi popeza anabwera kudzera mwa mnzanga. Anakhala mphindi khumi zokha, osatsegula n'komwe chivundikiro. Patatha miyezi inayi, pakati pa Januwale, boiler inazima, ndipo kampani yoipanga inakana kuikonza mwaulere chifukwa m'buku la boiler, mmene amisiri amasayina akaiunika, munalibe nambala ya mmisiri wovomerezeka. Ana anagona atavala majekete masiku atatu. Nambala ya pa khadiyo muifufuze pa intaneti munthuyo asanagwire chilichonse.

Mmisiri weniweni amatsegula chivundikiro, amayeza utsi ndi makina ake, amayang'ana paipi yotulutsira utsi panja, ndiponso amaona ngati gasi sakutuluka penapake. Kansingano ka pulesha kaziloza pakati pa 1 ndi 1.5 bar madzi atazizira. Mumupemphe ayesenso alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha umene sununkha ndipo suoneka.

Akamaliza asayine m'buku ndi kulemba nambala yake, kenako mumulipire. Mukamva fungo la gasi tsiku lina lililonse, tsegulani mawindo, musayatse kapena kuzimitsa magetsi, ndipo mutuluke panja n'kuimba 0800 111 999, nambala ya ngozi za gasi.