Mukamapepesa mayi amene wataya mwana

Abale anga kuno ku Mchinji, maliro a mwana akatha musamaope kutchula dzina lake. Mng'ono wanga wa ku Kamwendo anataya mwana wa zaka 4 ndi malungo. Anthu ankangomuuza kuti "mudzabereka wina", mawu amene ankamulasa mtima.

Tsiku lina ndinamukumbutsa mmene kamwanako kankakusira nkhuku n'kumati ndi ng'ombe zake. Anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako analira, koma madzulo ake anadyako nsima. Akaseka chotero, sekani naye, musamuyang'ane ngati walakwa.

Pitaninso pakatha mwezi, anthu atabalalika. Mutungireni madzi, mupalireni mtedza. Zovala za mwanayo musafulumire kuchotsa, adzanena yekha. Akatha masabata osagona kapena osadya, muperekezeni kuchipatala.